Sensa ya crankshaft yakanirira, khutu lake lang'aluka: muizule bwanji?

Funso: Ndili ndi Toyota Sienta ya injini ya 1NZ. Ikatentha imazima yokha pamsewu, ikazizira n'kudzalira bwinobwino. Makina oyezera aonetsa code (nambala ya vuto) P0335, ndiye ndinagula sensa ina ya crankshaft kuti ndisinthe ndekha pakhomo. Bawuti ndamasula, koma sensa yakaniratu kutuluka. Nditaikanganula ndi screwdriver, khutu lake lapulasitiki lang'aluka. Ndipitirize kukanganula, kapena ndingoikhomera mkati? Ndine wowerenga wanu wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Achimwene, screwdriver ija iikeni pansi kaye, ndipo zoikhomera mkatizo muiwaliretu. Pamene mwafikapo si poipa kwenikweni, bola mwafunsa mutu wa sensayo usanathyoke wonse. Khutu, kaphiko ka m'mbali kamene bawuti limalowapo, likang'aluka ndiye kuti mphamvu yanu ikupita pamalo osayenera. Muyambe mwavomereza mumtima kuti sensa yakaleyo ndi yotaya kale, ituluke yathunthu kapena zidutswazidutswa, zilibe kanthu. Zofunika kuziteteza ndi bowo la aluminiyamu limene sensayo yakhalamo, komanso mkati mwa injini momwe simuyenera kugwera kanthu kalikonse. Sensa ina muli nayo kale m'manja. Koma chivindikiro cha tcheni cha injini, mmene muli bowolo, chikang'aluka, kapena chidutswa chikagwera mkati, ntchito ya masana amodzi isanduka yophwasula kutsogolo konse kwa injini.

Injini yanuyo, 1NZ-FE, ndi ya malita 1.5 ndipo Toyota inayamba kuipanga mu 1999. Ndi imodzimodzi imene ili mu Probox, Ractis, ist, Raum ndi Corolla zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, choncho zimene ndikunenazi zithandizanso eni galimoto zimenezo. Crankshaft ndi chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amachizunguza, ndipo sensa yake pa injini imeneyi inalowetsedwa m'chivindikiro cha tcheni, m'munsi, pafupi ndi pulley yaikulu imene imazunguza lamba, mbali ya dalaivala. Nsonga yake imayang'anizana ndi kawilo kachitsulo ka mano 34 kamene kamazungulira limodzi ndi crankshaft. Malo a mano analipo 36, koma awiri anawasiya dala kuti pakhale mpata. Dzino lililonse likamadutsa, sensa imatumiza kamagetsi ku kompyuta ya galimoto, ndipo mpata uja ukafika kompyuta imadziwa pamene mapisitoni ali. Uthenga umenewu ukasowa, kompyuta siitumiza moto kumapulagi ndipo siitsegula ma injector opopera petulo. Sitata imapukusa injini bwinobwino koma galimoto osalira.

Tsono chimene chaigwira n'chiyani, poti bawuti mwachotsa? Sensa imeneyi ilibe mazinga, inangolowetsedwa m'bowo losalala. Pathupi pake pali kamphira kozungulira, O-ring, kamene kamatseka kuti oyilo asatuluke. Kamphira kameneka kakhala kakuphikidwa ndi kutentha kwa injini zaka zambiri, chifukwa galimoto zambiri zimatipeza zitayenda kale ku Japan, ndiye kauma gwa n'kumatirira kukhoma la bowo. Oyilo wakale amasiyanso utomoni wabulauni mbali ya mkati. Mbali ya kunja, madzi a m'zithaphwi ndi matope zimalowa pakati pa pulasitiki ndi aluminiyamu, aluminiyamu n'kuchita dzimbiri lake loyera ngati ufa, limene limatupa n'kufinya sensa. Pulasitiki nayo imafufuma pang'ono ndi kutentha komanso imakhala yosachedwa kuthyoka. Ndiye sensayo yagwidwa mozungulira thupi lonse. Mukakanganula pakhutu, mukuipendeketsa mbali imodzi, ndipo chinthu chopendekeka m'bowo lothina chimangolimbirako. Aliyense amene anatsekapo chigubu ndi chitsononkho amadziwa kuti chikathina sumachikoka mwamphamvu, umayamba wachipotokola uku ndi uku mpaka chilole. Sensa imafunanso zomwezo.

Musanaiphwanye, pali kanthu kamodzi kamene ndikufuna muchite, chifukwa mwayi wake utha sensayo ikangosweka. P0335 sikutanthauza kuti sensa yafa, ikutanthauza kuti uthenga wake sukufika bwino ku kompyuta. Waya wodyedwa ndi makoswe, waya wokhulidwa ndi lamba, pulagi yochita dzimbiri lobiriwira, zonsezi zimabweretsa nambala yomweyo. Ngati mungabwereke multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, zulani pulagi, muyeze ma ohms pamapini awiri a sensa. Pa 1NZ zambiri, ikakhala yozizira imaonetsa pakati pa 1,000 ndi 1,600 ohms kapena pafupi pamenepo. Yezaninso yatsopano ija mufananize. Yakale ikapanda kuonetsa kanthu, mwaupeza mlandu. Ikaonetsa bwino musaikhulupirire msanga, chifukwa mkati mwake muli waya wa kopa wopyapyala kwambiri wokulungidwa kambirimbiri, ndipo ukayamba kuduka umalumikizana pozizira n'kulekana potentha. Zimene mwafotokoza, kuzima ikatentha n'kulira ikazizira, zikufanana kwambiri ndi matenda amenewa. Poti khutu lang'aluka, kusintha musintha basi, koma kuyezako kukuuzani ngati muyenera kuyang'ananso mawaya.

Za chitetezo ndinena mosapsatira, chifukwa ntchito imeneyi imafuna kuti mutu ndi mapewa zilowe m'malo a tayala. Imikani galimoto pamalo olimba, osatsetsereka, kokani handbrake, ikani miyala kumatayala akumbuyo. Chotsani waya wa negative pabatire. Mukakweza ndi jeke n'kuchotsa tayala lakutsogolo la mbali ya dalaivala, galimoto isatsamire pa jeke yokha. Ikani sitandi, kapena chipika cholimba cha mtengo, ndipo tayala lija muligoneke pansi pa galimoto kuti ikatsetsereka igwere pamenepo. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, zimaphulika mosachenjeza. Mudzakhala mukukoka ndi kugwedeza, ndipo jeke ya m'buti siinapangidwire zimenezo. Ana akhale patali. Chotsaninso chipulasitiki chotchinga matope cha mkati mwa tayalalo kuti sensa muziiona maso ndi maso. Anthu ambiri amathyola sensa chifukwa chogwira ntchito mopapasa, dzanja litapindika kuchokera pamwamba.

Yang'anani bwino ngati palibe china chimene chikuigwira. Masensa ena amabwera ndi kachingwe kake kamene kamamangidwa ndi kabawuti kachiwiri kapena kokolowekedwa pachitsulo. Kenako tsukani. Fumbi la m'misewu yathu likasakanikirana ndi oyilo limapanga chikhakha chakuda bii, chodzaza mchenga, ndipo sensa ikangotuluka bowo limenelo limalunjika kutcheni ndi ku oyilo. Mswachi wakale, palafini pang'ono ndi kansanza zikwanira. Tsukani mpaka muone mzere pamene pulasitiki yakumana ndi aluminiyamu.

Mukatero tenthetsani malowo, koma osati ndi moto. Pafupi pomwepo pali seal ya crankshaft, pali silikoni womata chivindikiro, pali oyilo, ndipo mankhwala opopera aja amayaka. Madzi otentha a m'ketulo ndi okwanira. Kulungani pulagi ya mawaya a galimoto m'kajumbo, muimangire patali, ndiye muzithira madziwo pang'onopang'ono pa aluminiyamu wozungulira sensa. Madzi salowa mu injini chifukwa sensa ikadali yotseka bowo. Amene ali ndi chowumitsira tsitsi angagwiritse ntchito chimenecho. Cholinga n'choti kamphira kaja kafewe ndi utomoni uja usungunuke pang'ono. Pukutani, kenako poperani WD-40 kapena Q20 m'mphepete monse, mutaphimba lamba ndi nsanza chifukwa lamba akalawa mafuta amaterereka n'kumalira. Ngati mulibe zopoperazi, madontho a oyilo wa automatic gearbox amagwira ntchito. Brake fluid, amene amakaniko ena amakonda kuthira pa chilichonse chokanirira, pano ayi: amasupula penti, sagwirizana ndi mphira wopangidwira oyilo, ndipo safunika kukalowa mu injini. Dikirani mphindi 20 kapena 30, poperaninso.

Ndikuuzeni zoona, mankhwalawa paokha sazula sensa. Amafika pakamphira n'kuima pomwepo, chifukwa ntchito ya kamphirako ndi kutseka. Amayamba kulowa pokhapokha sensa ikasuntha, ngakhale pang'ono chabe. Ndiye ntchito yeniyeni ndi kuipotokola.

Igwireni patsinde, pamene pulasitiki ndi yochindikala, pafupi kwambiri ndi chitsulo cha injini. Musagwire pakamwa polowa pulagi, pamenepo m'mphako ndipo pamaphwanyika msanga. Vice grip, pliers yotsekeka yokha ikagwira, ndi yabwino kuposa pliers wamba, koma muitsekere pongokwanira kugwira, osati kufinya mpaka pulasitiki ilire. Yesani kuizunguza ngati mukufuna khutu lija lichoke pabowo la bawuti, mamilimita awiri kapena atatu okha, kenako mubwerere. Ikakana, tengani kamtengo kolimba, mukatsamize m'mbali mwa khutu pafupi ndi tsinde, mugogode pang'onopang'ono ndi hamala yaing'ono cham'mbali, kuti izungulire, osati cholowetsa mkati. Gogodani mbali ino, kenako mbali inayo. Nthawi zambiri imakhala ngati palibe chimene chikuchitika, kenako mumangomva kaphokoso kakang'ono kakuti tswi, ndipo pamzere paja pamatuluka timadzi tabulauni. Pamenepo yalola. Musathamangire kukoka. Poperani, potokolani uku ndi uku, poperaninso, mpaka izizungulira ndi zala. Mphindi zimene mungathere apa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mungathere poboola chitsa chothyoka.

Ikayamba kuzungulira momasuka, muzikoka uku mukupotokola, ndipo kukokako kuzikhala kolunjika, motsata bowo. Pakaoneka kampata pansi pa mutu wake, ma screwdriver awiri afulati, ina mbali ino ina mbali inayo, akhoza kuthandiza, bola muzikweza zonse ziwiri mofanana ndipo pansi pake muike kathabwa kapena nsanza yopinda kuti aluminiyamu asabooke. Screwdriver imodzi yokha ndi imene yakung'alulirani khutu. Njira ina imene ndimaikonda pamalo opanikizika ndi kebulo ya buleki ya njinga. Muikulunge pansi pa mutu wa sensa, nsonga zake muzimange pa sipanala yaikulu, ndiye muzikoka ndi dzanja limodzi uku lina likupotokola. Kebuloyo ndi yopyapyala, imalowa pomwe chitsulo sichingalowe, ndipo imakoka thupi lonse mofanana. Sensa ikamatuluka imachita kuti phu mwadzidzidzi, choncho samalani nkhonya yanu isakamenye chitsulo.

Tsopano tinene kuti mwachita zonsezi koma mutu wathyokabe, mwatsala ndi chitsa m'bowo. Zimachitika ngakhale kwa amakaniko odziwa ntchito, chifukwa pulasitiki yakale siichenjeza. Apa mpofunika kudekha kuposa pena paliponse, chifukwa mutu uja ndi umene umaletsa sensa kulowa mkati. Ukachoka, chimene chatsala kugwira chitsacho ndi kamphira ndi dzimbiri basi. Chilichonse chimene mungachite chokankha chikhoza kuchigwetsera mu injini.

Walitsani tochi pachitsapo. Muona pulasitiki yakuda m'mphepete, mwina timawaya tiwiri tachitsulo totuluka, ndipo pakati pali zolimba. Mkati mwa sensa yamtunduwu muli maginito, kachitsulo kolunjika kunsonga, ndi waya wa kopa uja. Tengani sensa yatsopano muiyeze kuchokera pansi pa mutu kufika kunsonga, kuti mudziwe kutalika kwa chimene chatsala m'bowo. Pa kachitsulo koboolera ka mamilimita 3 kulunganipo tepi pa mamilimita 10 kapena 12 kuchokera kunsonga, kuti musapitirire. Kapakeni girizi kuti tizidutswa tizimatirira. Boolani pang'onopang'ono, drill ikuzungulira mofatsa, dzanja lopepuka, ndipo mulunjike motsata bowo. Mukamva kuti yagunda cholimba, imani. Maginito sabooledwa ndi drill wamba, amangoitereretsa cham'mbali, ndipo m'mbalimo ndi mmene muli aluminiyamu wofewa amene tikumuteteza. Mukaona tiufa tonyezimira mbee pa girizi, mwafika pakhoma, siyani pomwepo. Timaulusi tofiirira ta kopa tikamatuluka musadandaule, ndi mkati mwa sensa mmenemo.

M'kabowoko lowetsani sikuluwu ya matabwa ya mamilimita 4, yaitali ndithu kuti mutu wake utsale kunja pogwirika. Kukula kwa sikuluwu n'kofunika kwambiri. Yonenepa imatambasula pulasitiki n'kuikanikizira kukhoma la bowo, ndiye mumakhala mwachikhomerera chitsacho ndi manja anu. Yoonda imasololoka yokha. Ilowe mpaka igwire zolimba, basi. Ngati pakati pali polimba, boolani timabowo tiwiri tating'ono mbali ziwiri za chitsulo chapakati, muike timasikuluwu tiwiri. Ubwino wake ndi wakuti mukapingasa screwdriver pakati pa tiwirito mumathanso kupotokola chitsa, ndipo kupotokola kukadali kofunika ngakhale pano.

Drill ikakana kulowa chifukwa cha kuchepa kwa malo, pali njira ya sikuluwu yotentha. Itenthetseni pa mbaula kapena pa sitovu, kutali ndi galimoto, mutaipana ndi pliers. Pukutani kaye mankhwala opopera aja pamalopo. Ikatentha ilowetseni pachitsa moizunguza, mosakankha mwamphamvu, kuti isungunule njira yake yokha. Kenako isiyeni izizire kotheratu, mphindi 15 kapena kuposa. Anthu ambiri amalephera apa chifukwa chokoka pulasitiki ikadali yofewa, sikuluwu n'kutuluka yokha itasiya dzenje lalikulu.

Pokoka, njira yofatsa kwambiri ndi ya soketi, kachitsulo kamphako komasulira mabawuti. Pezani soketi imene kamwa lake ndi lalikulu kuposa thupi la sensa, muivundikire pabowo kuti itsamire pa aluminiyamu mozungulira. Pamwamba pake ikani washa, sikuluwu idutse pa washa ndi m'soketi n'kukalowa m'chitsa. Mukamamanga, mutu wa sikuluwu umatsamira pa washa, ndipo chitsa chimakwera chokha kulowa m'soketi, molunjika, popanda kugwedeza. Mukamva kuti sikuluwu yayamba kuzungulira mopepuka chitsa chisanasunthe, imani, ikutha pulasitiki. Ngati soketi siikukwanira pamalopo, panani mutu wa sikuluwu ndi vice grip, muike kathabwa pa injini, ndiye muzikweza vice grip ndi sipanala yaitali yotsamira pakathabwako, pang'onopang'ono, mukusinthasintha mbali. Hamala ya akalipentala yozulira misomali imagwiranso ntchito ngati malo alola.

Nthawi zina sikuluwu imazula zamkati zokha, waya wa kopa n'kumangotuluka osatha, m'bowo n'kutsala chikhungwa chapulasitiki. Si zoipa, chifukwa chikhungwa chopanda kanthu mkati chimapindika. Tengani kachitsulo kosongoka kopinda kunsonga, mukalowetse pakati pa pulasitiki ndi khoma pamalo amodzi, mupindire pulasitikiyo cham'kati mwa bowo, kenako musolole ndi pliers yakamwa lalitali. Muzigwira ntchito kuchokera m'mphepete kupita pakati, ndipo kachitsulo kanu kasatsamire pakamwa pa bowo. Kamphira kakaonekera, kakoleni mukadule, mukasolole. Kakangochoka, zotsalazo zimamasuka. Nsonga yeniyeni ya sensa ndi imene ili pangozi yogwera mkati, ndiye mukayandikira kumapeto muzikoka chokokera kunja basi. Kandodo ka maginito kamene amakaniko amatolera mabawuti kamathandiza ngati kachitsulo kapakati kakadali m'nsongamo. Chidutswa chilichonse chimene chatuluka muzichiika pansanza yoyera pambali pa sensa yatsopano, kuti pomaliza muone ngati thupi lonse lakwanira, makamaka nsonga ndi kamphira.

Nanga chikagweramo? Musalize galimoto, musayese ngakhale kupukusa sitata kuti muone. Chidutswa cholimba chikalowa pakati pa tcheni ndi giya yake, tcheni chikhoza kulumpha mano, ndipo pamenepo ndalama zake ndi zina. Tizidutswa tapulasitiki natonso timakatseka kasefa kamene pampu imayamwira oyilo. Mwayi wa 1NZ ndi wakuti sampu yake, beseni la oyilo la pansi pa injini, ili pawiri, ya aluminiyamu pamwamba ndi kabeseni kachitsulo pansi. Kachitsuloko kamachoka injini ili m'galimoto. Khuthulani oyilo, masulani mabawuti ndi manati ake, mudule silikoni amene anakamata ndi mpeni wopyapyala mosapinda milomo yake. Mukachipeza chidutswacho mmenemo, tsukani, matani ndi silikoni wa injini, mudikire aume monga mwalembedwera pachubu musanathire oyilo. Koma kumbukirani kuti chidutswa chimenechi chikhoza kukhala ndi maginito, choncho sichigwa nthawi zonse, chimatha kumatirira pa kawilo ka mano kaja kapena patcheni. Mukapanda kuchipeza m'sampu, pafunika kuchotsa chivindikiro cha tcheni, ntchito yofuna kuchotsa pulley, pampu ya madzi ndi mounting ya injini. Imeneyo ndi ya makaniko amene anaichitapo, ndipo galimoto ipite kwa iye chokokedwa kapena iye abwere kwanu. N'chifukwa chake ndakana zoikhomera mkati. Mwina munamva wina akuti anatero galimoto n'kuyenda. Pa galimoto zina sensa imakhala pa gearbox, imawerenga mano a flywheel pamalo ouma opanda oyilo, ndipo chidutswa chimatha kutoledwa pochotsa sitata. Yanuyi si yotero.

Chitsa chikatuluka, musathamangire kuika yatsopano, chifukwa chimene chinagwira yakale chikadali m'bowomo. Mangani kansanza koyera kuchingwe, mukapake girizi pang'ono, mukalowetse m'bowo kupitirira pamene mukufuna kutsuka, chingwe chitsale kunja. Palani dzimbiri loyera lija ndi kamtengo kosongola kapena kachidutswa ka pulasitiki yolimba, mupukute ndi nsanza yokulunga kuchala yonyowa palafini. Pomaliza kokani chingwe, kansanza katuluke ndi zinyalala zonse. Tupa ayi, drill ayi, sandpaper wokhakhala ayi. Bowo likakula ngakhale pang'ono, kamphira katsopano sikatsekanso. Yendetsani chikhadabo mkatimo. Mukamva kachitsulo kotukuka pamene screwdriver inaluma, kasalazeni pokhapo ndi sandpaper wosalala kwambiri kansanza kaja kakadali mkati, chifukwa kachitsulo koteroko kamadula kamphira polowa.

Za sensa yatsopanoyo, igonekeni pambali pa yakale. Kutalika kufanane, malo a kamphira afanane, pulagi ifanane. Mpata wa pakati pa nsonga ndi mano pa injini imeneyi suchita kutcheredwa, umadalira kutalika kwa sensa ndi kukhala bwino kwa mutu wake, ndiye yaifupi pang'ono imapereka uthenga wofooka, yaitali imakhudza mano. Masensa ambiri a Toyota amapangidwa ndi Denso. Pamsika pali ena otchipa opanda dzina lodziwika, ena olembedwa dzina la eni ake koma achinyengo, ndipo vuto lawo ndi lomwelo mukulithawali, kugwira pozizira n'kufooka potentha. Kwa ine, sensa yeniyeni yochotsedwa pa injini ina ya 1NZ, yoyezedwa ndi multimeter n'kuikidwa kamphira katsopano, ndimaidalira kuposa yatsopano yosadziwika kochokera.

Pakani kamphira oyilo wa injini woyera. Silikoni musapake, ndiye amene amadzazunza munthu wodzasintha mtsogolo, komanso wotsala amagwera mkati. Lowetsani sensa ndi dzanja moipotokola pang'ono mpaka mutu wake ukhale pansi ndithu pa aluminiyamu, khutu litayang'anizana ndi bowo la bawuti. Ikakana kufika pansi, itulutseni mutsukenso bowo. Musaikokere pansi ndi bawuti, chifukwa khutu latsopano lithyoka monga lakale, kapena sensa ikhala yopendekeka. Bawuti muliyambe ndi zala mpaka lifike. Ndi laling'ono, la sipanala 10, ndipo likulowa mu aluminiyamu. Mphamvu yomangira siifika 10 Nm, kutanthauza kuti sipanala yaifupi yogwira ndi zala ziwiri yakwana. Likatha mazinga mwadzipezera ntchito ina yosafunika. Pulagi ilowe mpaka ilire kuti tha, ndipo waya abwerere m'tizingwe take, kutali ndi lamba ndi pulley.

Ngati munaboola kapena kuswa chitsa m'bowo, sinthani oyilo ndi filter musanayende ulendo, ngakhale mukuona ngati simunagwere kanthu. Bwezerani chipulasitiki chotchinga matope, chifukwa ndi chimene chimateteza malo amenewa ku madzi, ndipo galimoto zambiri zimene ndimazipeza sensa itachita dzimbiri zimakhala zinataya chimenechi kalekale. Mangani tayala, tsitsani galimoto, lumikizani batire, mufufute code ndi makina aja. Poti batire linachotsedwa, injini ikhoza kulira mosakhazikika pang'ono poyamba mpaka kompyuta izolowerenso. Pa 1NZ palibe china chofunika kuchita, koma eni Honda Fit adziwe kuti pa galimoto zambiri za Honda kompyuta imafuna kuphunzitsidwanso ikaikidwa sensa ina, ndipo eni Nissan Note ndi Tiida adziwe kuti sensa yawo ndi ya mawaya atatu, yamtundu wina, imene siiyezedwa ndi manambala ndapereka aja.

Isiyeni ilire pakhomo mpaka fani izungulire kawiri, chifukwa vuto lanu limabwera potentha. Kenako yendani pafupi ndi kunyumba, osati kukwera nayo msewu wa ku Zomba tsiku lomwelo. Mukabwerako walitsani tochi pasensa muone ngati pali chinyezi cha oyilo, mudzayang'anenso pakatha masiku angapo. Ikazimanso ndipo P0335 yabwerera, musagule sensa yachitatu. Tsatani mawaya awiri aja kuchokera papulagi mpaka ku kompyuta, muziwagwedeza injini ikulira kuti muone ngati ikudukiza, muyang'ane mapini ngati atakasuka kapena achita dzimbiri, muonenso waya wa earth wa injini ndi mphamvu ya batire. Ikazima popanda code iliyonse, mukayikire pampu ya petulo ndi relay yake, chifukwa nazonso zikatopa zimafooka potentha n'kudzuka zikazizira. Wina atchere khutu cha kuthanki pamene inu mukupukusa sitata, kuti mudziwe ngati pampu ikung'ung'udza panthawi imene galimoto yakana.